Sabata Imene Ndinasasula Denga la a Banaba

Lolemba

Kope latsopano. Cholembera chatsopano. Munthu yemwe uja, koma wodzuka mumzimu.

Dzulo ansembe athu analalikira za mphatso. Akuti palibe Mkhristu amene anabwera pa dziko lino chimanjamanja. Aliyense Mulungu anamufumbatitsa kenakake, ndipo kenakakeko si koika pa kabati kuti alendo aziona, ndi kotumikira nako anzako. Ponena zimenezi maso awo anali pa benchi yathu. Akazi anga, mayi a Tadala, akuti ansembe amayang'ana zenera lokana kutseka lija, koma ine ndikudziwa zimene ndinaona.

Chaka chachiwiri chino chichokereni ku koleji, kalata yondiitana kuntchito sinabwerebe. Anthu amanditchula aphunzitsi, koma ophunzira ndilibe. Pakhomo pano tikudalira usipa umene mayi a Tadala amayanika pa thandala n'kukagulitsa ku boma. Choncho ulalikiwu wandipeza ndili ndi nthawi yambiri, komanso mphatso zongokhala.

Ntchito ya mpingo sabata ino ndi denga la a Banaba. Iwowa ndi mkulu amene wakhala akuliza belu la tchalitchi chathu kuno ku Malindi ine ndisanabadwe. Belulo linawagonthetsa makutu, akazi awo anatisiya, ana ali ku Joni. Nyumba yawo ndi yaudzu, ndipo ukakhala m'kati masana ungawerenge kalata osatsegula chitseko. Tili mu Novembala. Mitambo yayamba kale kusonkhana mbali ya ku Chowe.

Ansembe atafunsa woti atsogolere, dzanja langa ndi limene linaoneka. A Mkwanda a pagolosale akuti nawonso anakweza lawo. Mwina. Koma ine ndikakweza dzanja ndili chikhalire, limaposa mutu wa a Mkwanda ataimirira.

Mphatso zanga, m'mene ndikuzionera:
1. Utsogoleri.
2. Kulinganiza zinthu. Ku koleji ndinali mlembi wa kalabu ya mtsutso.
3. Kulankhula pagulu.
4. Kudzichepetsa.

Mayi a Tadala asuzumira m'kope muno. Akuti ndiwonjezere yachisanu: kuwatsitsira sefa pamwamba pa kabati. Sindinawayankhe. Onani mphatso yachinayi.

Ndalemba mafomu pamanja mpaka zala kuuma, ndawagawa m'makomo. Mafunso atatu: dzina lanu, mphatso yanu, tsiku limene mphatsoyo ilipo. Ndalembanso ndondomeko pa chipepala chachikulu, ndachikhoma pa mtengo wa mango:
Lachiwiri, kutolera mafomu ndi kugawa magulu.
Lachitatu, kusasula udzu wakale m'mawa, kumweta watsopano masana.
Lachinayi, kufolera.
Lachisanu, chakudya chothokoza ndi mawu ochepa a wapampando.
Loweruka, kupuma.
Lamulungu, umboni m'tchalitchi.

Madzulo ndakawauza eni denga. Ndakuwa katatu asanamve. Akuti denga lawo lilibe vuto, limadontha pokhapokha mvula ikamagwa. Kenaka andiyang'ana kuchokera kuphazi mpaka kumutu, ulendo wautali ndithu, n'kufunsa: "Udzu muli nawo?"

Ndawauza kuti uli pa ndondomeko.

"Pa chiyani?"

Anthu akale amavutika kumvetsa dongosolo.

Lachiwiri

Mafomu abwera! Ena ali ndi mafuta a mandasi, imodzi yabwera itakulunga tomato, koma abwera.

Mphatso za mpingo wathu:
Kuyimba, anthu asanu ndi anayi.
Utsogoleri, anthu asanu. Sindinayembekezere mpikisano.
Kupempherera odwala, atatu.
Kulangiza mabanja, awiri, ndipo ndi mwamuna ndi mkazi wake amene sakulankhulana.
Kulota maloto oona, mmodzi.
Kuzindikira pamene kwaya yaphonya, mmodzi.
Kufolera, palibe.

Ndawerenganso kawiri. Palibe.

Si vuto. Amuna anayi mwa amene alemba utsogoleri ndawaika m'gulu lokwera padenga. Mtsogoleri ayenera kuonekera patali.

Mayi Kalinde, wapampando wa kwaya, abwera okha kudzanena kuti kwaya idzayimba anthu akamafolera, kuti ntchito idzapepuke. Afunsanso ngati padzakhale chakudya. Funso lachiwirili alifunsa ndi mawu amphamvu kuposa oyamba aja.

A Mkwanda alemba kuti mphatso yawo ndi kupereka, ndipo atsimikiza: abwera ndi mbuzi. Tonde wakuda, wowonda, wa maso a munthu amene akudziwa zambiri. Akuti ndi wa chakudya cha ofolera. Ndamumangirira ku mtengo wa mango. Walira kuyambira masana osapuma. Tadala, amene ali ndi miyezi isanu ndi itatu, akumuyankha.

Mayi a Tadala akuti ndingopita kwa Che Saidi, achimwene awo a kwa amalume, ndikawapemphe. Che Saidi ndi msodzi, koma theka la madenga a m'dera lino anafolera ndi iwo, ndipo denga lawo limatha zaka osadontha. Ndawafotokozera modekha kuti iyi ndi ntchito ya mpingo, yochokera mu ulaliki, ndipo Che Saidi ndi Msilamu, sanadzaze fomu.

"Mvula nayonso sinadzaze fomu, aphunzitsi."

Akandiitana aphunzitsi m'malo mwa bambo a Tadala ndimadziwa kuti sikundilemekeza.

Kutentha kwa lero! Ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa.

Lachitatu

M'mawa. Chipambano! Atsogoleri anayi aja afika pa nthawi yake, ndipo pa kugwetsa zinthu mpingo wathu ndi wodalitsika. Ola limodzi lokha udzu wonse uli pansi. Ine ndimalozera ndili chapatali, chifukwa wina ayenera kuona ntchito yonse pamodzi.

Zimene tapeza m'denga la a Banaba:
makoswe, banja lonse ndi apongozi omwe;
ambulera imene akuti anaisaka zaka zambiri, n'kuyambana nayo ndi malemu mlamu wawo;
chikwanje;
mapaso atatu odyedwa ndi chiswe, ongotsala khungu.

Mapasowo sanali pa ndondomeko. Ndawawonjezera ndi pensulo.

A Banaba anakhala pa mpando panja nthawi yonseyi, ambulera ija ili pamiyendo. Amangoyang'ana udzu wawo ukugwa. Ndimaganiza kuti ndi kuthokoza.

Masana. Tanyamuka ndi mazenga kupita kudambo kukamweta.

Dambo lonse ndi lakuda. Phulusa lokhalokha mpaka m'munsi mwa phiri. Moto unadutsa kalekale, ndipo ndakumbukira kuti utsi wake ndinauona ndi maso angawa, ndinadandaulanso kuti ukundidetsera malaya pa chingwe.

Mayi wina wosenza nkhuni watipeza titaima ndi mazenga athu. Wafunsa ngati tataya munthu. Titamuuza, watula nkhuni pansi kuti aseke bwino. Akuti udzu wofolera amamweta nthawi yozizira, n'kuusunga m'mitolo. Amene akuusaka mu Novembala ndi ng'ombe zokha.

Ndafunsa atsogoleri anzanga chifukwa chimene sanandiuzire. Akuti amadziwa, koma ataona chipepala chachikulu chija anaganiza kuti mwina ku koleji kuli njira ina.

Tabwerera ndi timitolo titatu ta m'mbali mwa manda. Tingafolere khola la nkhunda.

Madzulo. A Banaba tawapeza m'nyumba mwawo, atakhala pa kama, akuyang'ana kumwamba kumene tsopano akukuona konse. Afunsa funso limodzi: "Ndigona kuti, aphunzitsi?"

Limenelinso silinali pa ndondomeko.

Mayi a Tadala sanayang'ane n'komwe kwa ine. Anyamula mkeka wa a Banaba, bulangete ndi kathumba ka mankhwala, n'kunena kuti tiyeni agogo, kwathu kulipo pabalaza. Panopa mkuluyu wakhala pa mpando wanga, akumwa tiyi m'kapu yanga yolembedwa dzina la koleji.

Katundu wawo yense tamuunjika pakona ya nyumba yopanda dengayo, tamufunditsa ndi thumba. Muli chimanga chawo cha chaka chonse, matumba awiri. Mvula ikagwa tisanafolere, chimangacho chapita, ndipo makoma ndi a zidina zosaotcha. Denga lakale lija limadontha, inde, koma linalipo.

Kumapiri kwachita mdima.

Lachinayi

Kusanache bwino: ngwe! ngwe! ngwe! pakhonde. Ndadzambatuka poganiza kuti kwagwa zovuta. Ndi a Banaba, akumenya khasu lathu ndi mwala. Akuti thupi lawo linazolowera, nthawi ya belu ikakwana dzanja limayabwa. Tadala wadzuka. Tonde wadzuka. A Banaba sakumva chilichonse mwa izi, akumwetulira.

Ndondomeko kulibe. Chingwe cha tonde chinali chachitali kuposa m'mene ndinaganizira. Wadya kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka, wasiya Lamulungu lokha ndi msomali.

Uthenga wochokera kwa gulu lofolera:
woyamba, msana;
wachiwiri, wapita ku maliro ku Makanjira, a munthu amene sakumutchula dzina;
wachitatu akuti iye amadziwa za malata basi;
wachinayi, amene ndi yemwe uja wolota maloto oona, walota ndikugwa padenga, ndiye waona kuti ndi bwino asakhalepo.

Ndaganiza zowaonetsa. Ndabwereka makwerero a kutchalitchi, ndawatsamiritsa pa khoma la a Banaba, ndakwera. Pa sitepe yachinayi ndayang'ana pansi. Ndazindikira chinthu chimene sindimachidziwa zaka zonsezi: kutalika kumene ndinabadwa nako kukundikwanira, kowonjezera thupi langa silikufuna. Ndagwira phaso kuti ndilimbe, ndipo linali limodzi mwa atatu aja.

Sindinavulale kwenikweni. Makwerero ndi amene athyoka pawiri. Kwaya, imene inali itafika kudzayeserera pamalo pa ntchito, inasiya nyimbo pakati. Mayi Kalinde akuti maloto aja ndi mphatso yeniyeni, tisamaipeputse.

Masana mayi a Tadala avala chitenje chawo chatsopano natuluka osanena kumene akupita. Abwerera ndi Che Saidi.

Che Saidi azungulira nyumba ya a Banaba kamodzi, manja kumbuyo. Ayang'ana mapaso, timitolo titatu tija, makwerero, kenaka ine. Sanaseke. Bola akanaseka.

"Alamu, mwagwira ntchito," atero. "Yotsala ndi yochepa, kubwezera denga basi."

Za udzu akuti tisadandaule. Iwo ali ndi mitolo ina imene inatsala, ndipo yambiri ili kwathu komwe. Kwathu? Mayi a Tadala anditengera kuseri kwa khitchini. Mulu uja ndakhala ndikutsamiritsapo njinga kuyambira Julayi ndi udzu wofolera. Anamweta okha m'mamawa uliwonse ine ndikulemba makalata ofunsira ntchito. Unali wa khitchini yathu, imene nayonso ikuonetsa nyenyezi. Akuti upite kwa a Banaba, khitchini tiona chaka chamawa.

Pangano: mawa Che Saidi ndi anzawo atatu a m'bwato limodzi abwera akangotuluka ku mzikiti, pemphero la Lachisanu likatha. Safuna malipiro, akuti a Banaba anawanyamulapo ali khanda. Angopempha kuti chakudya chidzakhalepo, chifukwa akachokera kunyanja m'mawa amangogona, sadya mpaka masana.

Ndawauza monyadira kuti mbuzi ilipo.

Ndalemba ndondomeko yatsopano, yaing'ono, yosunga m'thumba. Kwagunda kawiri kutali. A Banaba sanamve, koma akuti bondo lawo lamva.

Lachisanu

Khasu. Tadala. Tonde.

Mayi a Tadala alawirira ku boma ndi usipa, akuti abwera dzuwa lili pamutu. Amayi awiri a kwaya abwera kudzaphika. Ndondomeko ikuti: seveni koloko, kupha mbuzi.

Ndilembe bwinobwino m'mene zachitikira, kuti tsiku lina ndikadzakhala munthu wanzeru ndidzawerenge.

Sabata yonse sindinachite kanthu kooneka ndi manja anga, kupatula kuthyola makwerero a Mulungu. Amayi aja anali kundiyang'ana, madzi akuwira, mpeni uli pa mtondo. Wina anati, kodi tiitane ndani? Mawu akuti ndani aja anandilasa. Ndinati palibe woitana, ku koleji tinaphunzira za ziweto chaka chathunthu. Komanso ine ndi tondeyo tinali ndi nkhani yathu ya chipepala.

Ndagwira ntchito yaukhondo, ndisaname. A Banaba anakhala pa mpando wanga akuonerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nditasamba m'manja, nyama ili m'beseni, ndi pamene atsegula pakamwa:

"Kodi ofolera aja amapemphera kuti?"

Ndinaima ndi sopo m'manja.

Ndani sadziwa kuno? Mwana wa sitandade wani amadziwa. Nyama imene sanachinje Msilamu, Che Saidi sadya. Nkhuku iliyonse ya pakhomo pano timapita nayo kwa iwo kuti akachinje, kuti abale a mayi a Tadala akabwera tidyere mbale imodzi. Pa ukwati wanga womwe mbuzi zonse anachinja ndi iwowo. Ine amene ndimanyamula nkhukuzo kupita nazo!

Ndafunsa a Banaba chifukwa chimene sananenere mpeni usanadutse. Akuti anaganiza kuti zili pa ndondomeko.

Ndathamangira kukhitchini kuti mwina mpunga upulumuke. Mochedwa. Ndinali nditalamula ndekha kuti mpunga auphikire mu msuzi wa nyama, mphika umodzi, kuti tisataye nthawi.

Mayi a Tadala atafika n'kumva, anangokhala pa mtondo. Usipa anagulitsa wonse. M'nyumba munali mchere ndi anyezi awiri.

Che Saidi ndi anzawo afika atavala mikanjo yoyera, zovala zantchito zili m'jumbo, fungo la nyama litawalandira kumsewu. Mmodzi anali akumwetulira kale. Ndinaganiza zongokhala chete. Ndinaganizadi, ndisabise, kwa nthawi yokwana kupuma katatu. Kenaka ndawatengera pambali Che Saidi n'kuwauza.

"Palibe mlandu, alamu. Sikomo ponena."

Asintha zovala, akwera ndi njala yawo, achotsa mapaso ovunda aja, aika atsopano, amanga mbaliro zonse dzuwa likuwotcha. Kufolera kwenikweni sanayambe. Cha m'ma folo atsika, milomo itauma, akuti akadye kwawo kenaka akonzeke za kunyanja. Abwera mawa, Mulungu akalola.

Mbuzi yadyedwa ndi kwaya. Ayimba nyimbo ziwiri asanadye, imodzi atatha, ya mawu ochepa. Mayi Kalinde akuti mpunga wa lero sadzauiwala, ndipo ngati pali denga lina tiwauze msanga. A Mkwanda amva, atumiza uthenga wofunsa ngati mphatso yawo yafika kwa eni ake.

Mphepo yasintha, ikununkha dothi lonyowa. Ndapita kukafunditsa chimanga cha a Banaba ndi lona wa pa thandala la mayi a Tadala. Ndinaima m'nyumbamo ndekha, mitambo ili pamutu penipeni. Ndapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo, lopanda mawu oyamba ndi mfundo zitatu. Ndangoti mvula idikire mkuluyu, zolakwa ndi zanga.

Loweruka

Tsiku lopuma, malinga ndi ndondomeko imene ili m'mimba mwa tonde, amene ali m'mimba mwa kwaya.

Sinagwe. Kumwamba kwada ngati kunsi kwa mphika, koma sinagwe.

Che Saidi ndi anzawo afika molunjika kuchokera kunyanja, osagona, maso ali psuu, atanyamula utaka wa m'bwato mwawo. Aupereka kwa mayi a Tadala. Mmodzi wa iwo, Che Bwanali, wanena mokweza kuti nsomba ndi yabwino chifukwa ngakhale aphunzitsi ataigwira siwonongeka. Onse aseka. Inenso ndaseka, mochedwerapo.

Vuto: makwerero kulibe, pa zifukwa zodziwika, ndipo mgolo umene anakwerera dzulo eni ake autenga kukatchera mvula. Che Saidi ayang'ana khoma, ayang'ana ine.

"Alamu, taimani apa. Weramani pang'ono."

Andiponda pa bondo, pa phewa, ali padenga. Anzawo atatu chimodzimodzi. Mapazi a asodzi ndi olimba ngati matabwa.

Kenaka mitolo. Amuna a mpingo amene anabwera kudzaonerera, msana uja utachira ndi maliro aja atatha, ayesa kuponya mitolo m'mwamba. Ikumasuka, udzu uli balala. A Mkwanda ayesa ndi nsungwi, mtolo wawagwera kumaso. Ine ndangotola umodzi n'kukweza manja. Wafika m'manja mwa Che Saidi ngati ndikuwapatsira mchere pa mkeka.

"Basi. Musachokepo pamenepo."

Sindinachokepo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka: werama, tola, kweza. Werama, tola, kweza. Udzu m'khosi, m'makutu, m'malaya. Kawiri konse ndinayesa kupereka maganizo a kayalidwe ka udzu. Yankho linali limodzi: "Mtolo wina, alamu."

Palibe amene anafunsa za ndondomeko. Aliyense amangodziwa chochita. Mayi a Tadala ndi mayi Kalinde amanyowetsa luzi, atsogoleri aja amatuta mitolo kuchokera kwathu, a Banaba amaloza ndi ambulera malo amene kale pamadontha kwambiri. Kwaya inayimbadi, ndipo ndivomere, mitolo imapepukako.

Madontho oyamba agwa Che Saidi akumanga pamsonga penipeni. Akuluakulu, otentha. Che Bwanali akukuwa kuti mtolo, mtolo, ine ndikukweza osaonanso bwino. Womaliza ndaupereka mvula itayamba kale kuchita phokoso pa masamba a mango. Atsika onse anayi kudzera pa ine.

Tathawira m'nyumba mwa a Banaba, tonse, Akhristu ndi Asilamu, kununkha thukuta ndi utaka. Mkuluyu watenga beseni limene wakhala akutchera madzi zaka zonsezi, waliika pakati pa nyumba, wakhala pansi n'kumaliyang'ana. Ifenso tikuliyang'ana. Kunja kukugwa chimvula choti sumva mnzako.

Beseni louma.

Akhala choncho nthawi yaitali. Kenaka alitembenuza, akhalira.

Kwathu khitchini yadzaza madzi. Nkhuni zonse zanyowa. Manja anga sakutsika bwino, ndikulemba kope lili pa kabati.

Lamulungu

Khasu silinalire. Ndadzuka ndekha nthawi yomweyo, ndikulidikira.

Ndinakonza mawu a umboni, masamba atatu, mutu wake: Utsogoleri Wotumikira. Ali m'thumba la jekete mpaka pano. Ansembe anati nthawi yatha, alankhule mwini denga yekha.

A Banaba salankhula motsitsa, poti sadzimva. Anamveka mpaka kumsewu. Athokoza Che Saidi ndi anzawo, n'kupempha ansembe kuti uthengawo ukafike kumzikiti, usathere m'tchalitchi muno. Athokoza mayi a Tadala chifukwa cha udzu wa khitchini yawo ndi tiyi wa masiku atatu. Athokoza a Mkwanda chifukwa cha mbuzi, ndi kwaya chifukwa choisamalira. Kenaka andiloza ndi ambulera.

"Aphunzitsi awa anandisasulira nyumba opanda udzu. Koma Mulungu anawapatsa msinkhu, ndipo dzulo anaupereka wonse. Ndagona pouma."

Mpingo wonse unawomba m'manja. Ndinafuna kumira mu benchi, koma munthu ngati ine sabisika. Ansembe anati ambiri timasaka mphatso yathu kutali pamene tikuyenda nayo tsiku ndi tsiku, ndipo ulendo uno ndikutsimikiza kuti samayang'ana zenera. Atatha mapemphero anandiitana pambali. Ndinaganiza kuti ndi za komiti ina. Amafuna nditseke zenera lija, chotsekera chake chili pamwamba.

Zopempha zimene ndalandira ndisanafike pa geti:
babu la kuguwa, linapsa chaka chatha;
mavu pa khonde la mayi Kalinde;
mapapaya a a Mkwanda;
kangaude wa m'tchalitchi monse, kufikira makwerero atakonzedwa, ndipo akuti palibe changu;
Che Saidi, kudzera mwa mayi a Tadala: ali ndi madenga awiri sabata yamawa, a amayi amasiye, ndipo akufuna alamu awo aja.

Ndavomera zonse. Kalata ya ntchito ikadzabwera idzandipeza ndili ndi udzu m'makutu.

Ndatsegula tsamba la Lolemba. Mphatso yoyamba ndaikhwatcha. Yachiwiri ndaikhwatcha kawiri. Yachitatu ili m'jekete. Yachinayi ndaisiya, poti tsopano ndayamba kuiphunzira, mosafuna.

Mitambo yayambanso, ndipo tikuphikira pakhonde. Mayi a Tadala akuitana m'nyumbamo. Akuti bambo a Tadala, osati aphunzitsi.

Sefa ija, pamwamba pa kabati.